Ndikajambula sikirini, TalkBack sikumveka ndipo kanema akutuluka wamdima

Mphunzitsi wina wa m'boma la Zomba watilembera motere: "Ndine wosaona, ndipo ndimagwiritsa ntchito foni ya Tecno ndi TalkBack, pulogalamu imene imandiwerengera mokweza zimene zili pa sikirini. Mu apu ya banki yathu muli batani limene TalkBack imangoti 'unlabelled', kutanthauza kuti lilibe dzina. Nditadandaula, anandiuza kuti nditumize kanema wa sikirini kuti aone vutolo. Ndinayesa kujambula, koma pomvetsera munalibe mawu alionse, ndipo mwana wanga atayang'ana anati akungoona mdima. Ndimafunanso kupanga timakanema tophunzitsa anzanga a pagulu lathu la WhatsApp. Achimwene anga a ku Johannesburg akuti anditumizira iPhone yakale. Ndidikire imeneyo, kapena Tecno yangayi ingathe? Kapena zojambula sikirinizi n'za anthu openya okha?"

Aphunzitsi, mtima m'malo. Foni yanu sinaonongeke, ndipo Tecno yanuyo ingathe ntchitoyi, palibe chifukwa chodikirira ya ku Joni. Mavuto awiri amene mwatchulawo, kanema wopanda mawu ndi kanema wamdima, ndi amene pafupifupi aliyense amene ndakhala ndikumuphunzitsa amayamba kugundana nawo. Gwero lake n'limodzi. Amene anapanga zojambulira sikirini ankaganizira munthu amene nkhani yake yonse ili pa chithunzi. Ife nkhani yathu ili m'mawu amene foni ikulankhula ndi m'zimene zala zikuchita, ndipo zinthu ziwirizi chojambulira sichizitenga chokha. Muyenera kuchiuza.

Tiyambe ndi mawu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Android imagawa mawu otuluka m'foni m'magulu: nyimbo ndi makanema pakepake, kulira kwa foni pakepake, alamu pakepake. Kuyambira pa Android 8, ya mu 2017, mawu a TalkBack anapatsidwanso gulu lawolawo, n'chifukwa chake mumatha kutsitsa nyimbo mpaka pansi TalkBack n'kumalankhulabe mokweza. Zimenezi zinatithandiza kwambiri. Koma mu 2019, Android 10 itayamba kulola mapulogalamu kujambula mawu a m'kati mwa foni, Google inangotsegulira magulu a nyimbo, makanema ndi magemu. Gulu la TalkBack linatsala kunja. Ndiye mukasankha "Device audio" poganiza kuti mawu onse a foni alowa, chojambulira chimatola nyimbo ya pa YouTube bwinobwino, koma TalkBack chimaisiya. Opanga mafoni ena amaika zojambulira zawozawo zimene zimasiyanako pang'ono, koma ngati inu mwamva zii, chimene chachitika n'chimenechi.

Njira yake ndi yachikale: lolani TalkBack ilankhule pa sipika, maikolofoni a foni aimve ngati mmene akumvera inu. Posankha mawu, sankhani "Microphone". Kenako vulani mahedifoni, ndipo ngati ndi a Bluetooth, zimitsani Bluetooth yeniyeniyo. Apa ndi pamene ambirife timagwera, chifukwa mahedifoni ali m'khutu tsiku lonse moti timaiwala kuti alimo. TalkBack imalankhula m'khutu mwanu, inu mukumva zonse, koma maikolofoni akungomva nkhuku za panja.

Pali chinthu chaching'ono chimene chimasintha kwambiri kamvekedwe ka kanema. Gwirani m'munsi mwa foni yanu, pamene pamalowa chingwe chotchajira. Pa mafoni ambiri mupeza timabowo tondondozana mbali imodzi, imeneyo ndi sipika, ndi kabowo kamodzi kakang'ono mbali inayo, amenewo ndi maikolofoni. Zayandikana kwambiri. Choncho TalkBack ikakhala pa voliyumu yonse, imamveka mosweka n'kukwirira mawu anu, amene akuchokera patali. Ikani chala chimodzi pa sikirini, chikhale pomwepo, n'kudina batani lotsitsa voliyumu. Mukatero mukutsitsa TalkBack yokha. Ifike chapakati. Foniyo igonekeni pa tebulo pamwamba pa kansalu kopindidwa, kabowo ka maikolofoni kaloze kwa inu. Mukaigwira m'manja, chikhatho chimatseka kabowoko osadziwa, ndipo pa tebulo lopanda nsalu kugogoda kulikonse kwa chala kumamveka ngati mwamenya chitseko. Ngati pali chisankho cha "Device audio and microphone", chisiyeni pokhapokha mukufunadi kuonetsa nyimbo kapena kanema, chifukwa mawu amodzimodziwo amalowa kawiri, a m'kati ndi a pa sipika, n'kumamveka ngati muli m'chipinda chopanda katundu.

Kenako tsitsani liwiro. Ife tinazolowera TalkBack yothamanga, koma kwa munthu wa ku banki imamveka ngati mvula pa malata. Sangatolepo ngakhale liwu limodzi, ndipo sadzakuuzani kuti sanamve, adzangotseka kanemayo. Pa zosankha za kawerengedwe pezani "Speech rate" n'kuitsitsa mpaka inuyo muyambe kuipidwa nayo. Pamenepo ndiye pabwino kwa womvera.

Chida china chimene anthu ochepa amachidziwa, koma ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse pa nkhani yanu ya banki, chili m'masetingi a TalkBack. Lowani mu "Advanced settings", kenako "Developer settings", mupeze "Display speech output". Mukayatsa, chilichonse chimene TalkBack ikunena chimalembedwanso pa sikirini. Munthu wopenya amaona ndi maso ake liwu loti "unlabelled" pa nthawi imene kabokosi ka TalkBack, kamene kamazungulira chinthu chimene ikuwerenga, kafika pa batanilo. Ngakhale ataonera kanemayo mu ofesi atatseka mawu, umboni ulipo. Wolemba mapulogalamu akaona zimenezo amadziwa msanga kuti batanilo sanalipatse dzina, ndipo kulipatsa dzina si ntchito yaikulu.

Tsopano za mdimawo. Zifukwa zake n'ziwiri, ndipo muyenera kudziwa kuti chanu n'chiti. Choyamba ndi "Hide screen", imene mafoni akale amaitchula "Dim screen". Ambirife timaiyatsa kuti wokhala naye pafupi m'minibasi asamawerenge mauthenga athu, ndipo poti sitiona kusiyana, imakhala yoyaka miyezi. Chimene imachita ndi kuyala chinsalu chakuda pamwamba pa zonse, ndiye chojambulira chimajambula chinsalucho mokhulupirika. Tsegulani menyu ya TalkBack, pokoka chala pansi kenako kumanja osachinyamula, kapena pogogoda kamodzi ndi zala zitatu pa mafoni atsopano. Mukamva "Show screen", ndiye kuti inali yophimbidwa. Dinani pamenepo.

Chachiwiri n'chochokera ku apu yeniyeniyo. Android imapatsa opanga mapulogalamu mphamvu yoletsa kuti zimene zili m'apu yawo zisajambulidwe, ndipo mabanki ambiri amagwiritsa ntchito mphamvuyi poteteza makasitomala ku akuba. Mapulogalamu oonetsa mafilimu ngati Netflix amachitanso chimodzimodzi, ndipo zithunzi za WhatsApp zoona kamodzi kokha nazonso sizijambulika. Kuti musiyanitse, yambani kujambula muli pa sikirini yoyamba ya foni, dikirani masekondi 10, tsegulani apu ya bankiyo, dikiraninso masekondi 10, n'kuimitsa. Mwana wanu ayang'ane. Akati poyamba zimaoneka koma mutalowa mu apu kunada, ndiye kuti ndi banki yatseka. Palibe setingi ya m'foni imene ingatsegule, ndipo aliyense wokuuzani kuti ikani apu yakutiyakuti yodutsa chitetezocho, mukaneni.

Zikakhala choncho, musataye mtima, chifukwa chimene chatsekedwa ndi chithunzi chokha. Maikolofoni akumvabe. Kanema wamdima amene mukumveka TalkBack ikunena "Send money, button", kenako "unlabelled, button", inu n'kumafotokoza pamene muli, ndi umboni wokwanira kwa munthu wodziwa ntchito yake. Ndipo auzeni a ku bankiwo mosabisa kuti apu yawo yomwe ndi imene ikuletsa kujambula. Nthawi zambiri wolandira madandaulo sadziwa zimenezi, amangopempha kanema chifukwa ndi zimene amapempha aliyense. Akaumirira kuti akufuna kuona, pemphani munthu amene mumamukhulupirira ajambule foni yanuyo ndi kamera ya foni ina, inu mukuyendetsa zala. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina woti zala zanu zimaoneka. Kungoti wojambulayo aona ndalama zimene zili mu akaunti, ndiye sankhani bwino munthu wake.

Apa ndiime kaye, chifukwa ngozi yaikulu pa nkhani yonseyi ndi PIN. Munthu wopenya akamajambula amasamala zimene zikuoneka. Ife tiyenera kusamala zimene zikuoneka, zimene sitingathe kuzitsimikizira tokha, komanso zimene zikumveka. Mukamafufuza manambala pa kiyibodi, chowerengera sikirini chingathe kutchula nambala iliyonse imene chala chagunda, ndipo zonsezo zikulowa m'maikolofoni. Pa *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba m'pofunika kusamala koposa, chifukwa pa menyu za mtundu umenewu PIN imalembedwa m'kabokosi wamba, manambala ake n'kumaoneka ndiponso kuwerengedwa ngati mawu ena alionse. Lamulo langa kwa ophunzira n'limodzi: lowani kaye mu akaunti, fikani pafupi ndi pamene pali vuto, kenako yambani kujambula. Ngati vuto lili pa tsamba lolembapo PIN lenilenilo, lembani manambala abodza, ndipo musadine batani lotumiza, kuopa kuti akaunti ingatsekedwe.

Mauthenga obwera mwadzidzidzi nawonso ndi oopsa. Muli pakati pojambula, TalkBack n'kuyamba kuwerenga uthenga wa kunyumba kapena nambala yachinsinsi yochokera ku banki. Yatsani "Do Not Disturb" musanayambe. Ndipo ngati mukuonetsa WhatsApp, kumbukirani kuti mayina ndi manambala a anzanu a pagulu akuoneka. Tsegulani macheza a inu nokha, WhatsApp imalola munthu kudzilembera, n'kuphunzitsira mmenemo.

Kayambidwe kake pa Android sikovuta. Kokani zala ziwiri kuchokera pamwamba pa sikirini kupita pansi, bwerezaninso kachiwiri kuti timabatani tonse ta "Quick settings" tituluke, n'kufufuza "Screen record" kapena "Screen recorder". Android yeniyeni inayamba kubwera ndi chojambulira chimenechi pa Android 11, mu 2020, ngakhale Tecno, Infinix ndi Samsung anali ataika kale zawo. Batanilo likasowa, lingakhale pa tsamba lachiwiri, kapena muyenera kuliwonjezera kudzera pa "Edit". Pa mafoni ena kuwonjezerako kumafuna kukoka kabatani ndi chala n'kukakaika pamalo, ntchito yosautsa ndi TalkBack. Musavutike nayo, pemphani wopenya akuikireni kamodzi, ndipo aliike pa mzere woyamba. Mafoni atsopano amafunsanso ngati mukufuna kujambula apu imodzi kapena sikirini yonse. Inu sankhani yonse, chifukwa kabokosi ka TalkBack ndi mawu olembedwa aja amakhala pamwamba pa apu, osati m'kati mwake.

Kuimitsa ndi kumene kumavuta. Zojambulira zambiri zimaika kabatani koyandama pa sikirini, kamene TalkBack nthawi zina siikapeza. Kasiyeni. Tsegulani mauthenga a pamwamba ndi zala ziwiri, mupeza chidziwitso cha chojambulira chokhala ndi "Stop". Yesezani kuimitsaku musanajambule zenizeni, kuti musadzakhale ndi kanema amene theka lake ndi inu mukufufuza potulukira. Komanso tsimikizirani kuti waimadi. Chojambulira choiwalika chimadzaza foni, ndipo chimajambula zonse zimene mukuchita pambuyo pake.

Ngati foni yanu ilibiretu chojambulira, monga zimakhalira pa mafoni ena otsika mtengo, pa Play Store pali mapulogalamu ambiri ochita ntchitoyi. Ine sindiwakonda kwenikweni. Ambiri ndi odzaza ndi zotsatsa malonda zotulukira pakati pa ntchito, mabatani awo alibe mayina, ndipo mukuwapatsa chilolezo choona zonse za pa sikirini yanu. Nawonso sangatole mawu a TalkBack m'kati, lamulo lija likuwakhudza. Mukakakamizika, ikani imodzi yodziwika ya pa Play Store, osati fayilo yotumizirana pa WhatsApp, ndipo mukamaliza ntchito ichotseni. Muonetsetsenso kuti zosunga batire sizikuitseka pakati pa ntchito, chifukwa mafoni okhala ndi memori yochepa amakonda kutseka mapulogalamu ogwira ntchito kuseri.

iPhone ya achimwene ikafika, mupeza kuti mbali ya mawu ndi yofewako. Apple inaika chojambulira pa iOS 11, mu 2017, ndipo chimakhala mu Control Centre. Pa iPhone yakale, lowani mu Settings, kenako Control Centre, muwonjezere "Screen Recording". Kuyambira pa iOS 18 kuwonjezerako kumachitikira m'kati mwa Control Centre momwemo. Kuti muitsegule ndi VoiceOver, chowerengera sikirini cha iPhone, gwirani pamwamba penipeni pamene pamanenedwa nthawi, kenako kokani zala zitatu kupita m'mwamba. Mukafika pa batani la "Screen Recording", kugogoda kawiri kumayambitsa kujambula pakatha masekondi 3. Koma mukafuna kuti mawu anu amveke, gogodani kawiri n'kusiya chala chili pompo, patuluka batani la "Microphone". Liyatseni. Nthawi zambiri mawu a VoiceOver amalowa okha m'kanema, komabe jambulani kachidutswa kakafupi mumvetsere kaye, makamaka foni ikangolandira iOS yatsopano kapena mukavala mahedifoni a Bluetooth. Kanema amasungidwa mu Photos.

Zimene ndanena za Android zili ndi anzake pa iPhone. Chophimba sikirini chimatchedwa Screen Curtain, ndipo chimayaka kapena kuzima mukagogoda katatu ndi zala zitatu. Chichotseni musanajambule. Samalani kuti kugogoda kawiri ndi zala zitatu kumatseka pakamwa pa VoiceOver, ndipo anthu atsopano amasokoneza ziwirizi n'kuganiza kuti foni yafa. Mawu olembedwa amayatsidwa mu Settings, Accessibility, VoiceOver, pa "Caption Panel", ndipo amaoneka m'munsi mwa sikirini. Pamalo omwewo pali "Large Cursor", imene imakulitsa mzere wozungulira chinthu chimene VoiceOver ilipo kuti woonera aziutsata mosavuta. Kuimitsa, bwererani ku Control Centre n'kugogodanso batani lomwe lija. Pa iPad zonsezi n'zofanana, ndipo pa tabuleti ya Android tsatani zimene ndanena za foni.

Ngati muli ndi kompyuta, pali njira yopezera mawu oyera opanda phokoso la m'nyumba. Pa Mac, lumikizani iPhone ndi chingwe, tsegulani QuickTime Player, sankhani "New Movie Recording", n'kuika iPhone ngati gwero la chithunzi ndi mawu. Pa Android pali pulogalamu yaulere yotchedwa scrcpy, imene kuyambira mu 2023 imatenga mawu onse otuluka m'foni ya Android 11 kapena yatsopano kuposa apo n'kuwapititsa ku kompyuta. Imayendetsedwa polemba malamulo, ndiye imagwirizana bwino ndi NVDA, chowerengera sikirini cha pa kompyuta ya Windows. Foni imakhala chete, TalkBack mumaimvera pa kompyuta. Koma imafuna kuti muyatse "USB debugging" mu "Developer options", ndipo mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka zimenezi zikayatsidwa. Pa dandaulo limodzi lanuli, njira imeneyi ndi yolemetsa. Ndaitchula chifukwa cha maphunziro aja, ngati mudzafune kuwapanga kawirikawiri.

Pa maphunziro amenewo ndili ndi maganizo amene mwina simukuwayembekezera. Ngati anzanu a pagulu ndi osaona, kanema akuwathandiza chiyani? Akungowadyera bandulo. Mphindi zochepa za kanema wa sikirini zimafika ma MB ambirimbiri, pamene mawu okha a utali womwewo ndi kachinthu kakang'ono. Tsegulani chojambulira mawu cha m'foni, chisiyeni chikugwira ntchito kuseri, n'kupita ku apu imene mukuphunzitsa, TalkBack ili pa sipika. Kapena jambulani ndi foni ina yoikidwa pambali. Phunziro ndi lomwelo, ndipo amene ali kumudzi kumene netiweki imavuta alitsitsa mosavuta. Kanema musungireni openya: aphunzitsi anzanu, makolo a ana osaona amene akufuna kudziwa mmene angathandizire, anzathu oona pang'ono, ndi opanga mapulogalamu.

Kaya ndi kanema kaya ndi mawu okha, luso lalikulu lili pa kafotokozedwe kanu. Chojambulira sichionetsa zala. Chisankho cha "Show touches" sichithandiza kwenikweni, chifukwa ife timakoka chala pakati pa sikirini pamene kabokosi kakudumphira pamwamba, ndipo woonera amangosokonezeka. Ndiye nenani musanachite. "Ndikoka chala kumanja katatu." Kokani, khalani chete TalkBack imalize. "Yati Settings. Tsopano ndigogoda kawiri." Musalankhule pamodzi ndi TalkBack, onse awiri simumveka. Ikayamba kuwerenga zambirimbiri zosafunika, igogodeni kamodzi ndi zala ziwiri ikhale chete. Ndipo poti ambirife timagwiritsa ntchito mawu a Chingelezi, amene amapotoza Chichewa mpaka mwini wake osachizindikira, bwerezani ndi pakamwa panu zimene yawerenga. Inu munazolowera kumva "zikomo kwambiri" wopindika uja, wophunzira watsopano sanazolowere.

Musadalire kudula kanema pambuyo pake. N'zotheka, mu Photos ya iPhone ndi mu Google Photos muli zodulira zimene zimasunthika ndi chowerengera sikirini, koma kupeza sekondi yeniyeni popanda kuona n'kotopetsa. Kuli bwino kuyeseza njira yonse kamodzi osajambula, kenako n'kujambula kanthu kakafupi. Pa dandaulo, mphindi imodzi yakwana. Phunziro lalitali ligaweni m'zidutswa, chilichonse cha ntchito imodzi. Ngati chojambulira chanu chimalola kusankha, monga cha Samsung chimene chili ndi 480p, 720p ndi 1080p, tengani 720p. Zolemba zimawerengeka ndipo fayilo sikula kwambiri. Potumiza kwa opanga apu pa WhatsApp, tumizani ngati "Document", chifukwa mukatumiza ngati kanema wamba WhatsApp imamufinya ndipo tizilembo ting'onoting'ono timafufutika.

Musanatumize chilichonse, chimvetsereni chonse mpaka kumapeto, mutavala mahedifoni tsopano, mukutchera khutu ku chinsinsi chilichonse chimene chatchulidwa. Mbali ya chithunzi ikufuna maso a wina. Mwana wanu wakwana, kungoti mum'funse mafunso olunjika, osati "kodi zili bwino?" Mufunseni ngati akuona kabokosi kakusuntha, ngati mawu olembedwa akuwerengeka, ndi ngati pali nambala, dzina kapena ndalama zimene zikuoneka penapake. Mukakhala nokha, imitsani kanemayo pakati, jambulani chithunzi cha sikirini, n'kuchipereka ku Be My AI ya mu apu ya Be My Eyes kapena ku Seeing AI ya Microsoft kuti ikufotokozereni. Zimenezi zikuuzani ngati chithunzi chilipo kapena ndi mdima, koma zithunzi za banki musazipereke kumeneko. Kanema amene walowa chinsinsi mufufuteni, ndipo mulowenso mu "Recently Deleted" kapena "Bin", chifukwa pa iPhone zofufutidwa zimakhala mmenemo masiku 30.

Kanemayo asapite yekha. Lembani mawu ochepa onena mtundu wa foni, nambala ya Android, nambala ya apu, kuti mukugwiritsa ntchito TalkBack, masitepe amene munatsata, zimene TalkBack inanena, ndi zimene inayenera kunena. Pemphani kuti dandaulolo lipite kwa opanga apu, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo. Podikira, mungathe kulipatsa nokha dzina batanilo. Ikani kabokosi ka TalkBack pa ilo, tsegulani menyu, fufuzani pamene pakunena za "label". Sizitheka pa batani lililonse, koma zikatheka, dzinalo limakhala pa foni yanu. Pa iPhone, gogodani kawiri ndi zala ziwiri n'kuzisiya pompo. Chonde musasiye kudandaula chifukwa choti mwadzikonzera nokha, popeza wosaona aliyense wotsegula apu imeneyo akukumana ndi batani lomwelo.

Pali nthawi zimene muyenera kufuna thandizo lina. Mukazindikira kuti kanema amene mwatumiza kale munali PIN kapena nambala yachinsinsi, sinthani PIN tsiku lomwelo ndipo imbirani banki kapena kampani ya foni pa nambala yawo yodziwika. Wina akakuimbirani n'kunena kuti ndi wa ku banki, akupempha kuti muike apu yoti aziona sikirini yanu ali kutali, dulani foni. Kutumiza kanema amene mwamumvetsera kale n'kosiyana kwambiri ndi kulola mlendo kuyang'ana foni yanu pamene mukuigwiritsa ntchito. Ngati TalkBack ikuzima kapena foni ikuuma nthawi iliyonse mukayamba kujambula, onani malo otsala m'foni, chotsani zosafunika, ikani Android Accessibility Suite yatsopano kuchokera pa Play Store, ndipo zikapitirira pitani kwa okonza mafoni ovomerezeka a kampani yake. Mavuto a TalkBack yeniyeniyo amalandiridwa ndi gulu la Google lothandiza anthu aulumali, lotchedwa Disability Support, ndipo a VoiceOver amapita ku accessibility@apple.com. Onse awiri amalandira m'Chingelezi.

Banki ikangokhala chete, nkhaniyo isakhale yanu nokha. Funsani pagulu lanu lija kuti ndi angati amene akuvutika ndi apu yomweyo, aliyense ajambule kachidutswa kake pa foni yake, kaya Tecno, itel kapena Samsung, ndipo mutengere zonsezo ku Malawi Union of the Blind kapena ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kuti alembe kalata m'dzina la bungwe, makanemawo akhale umboni wake.